Mano a Tayala ndi Nkhawa za Mawa

Pikapu zambiri zimene zimayenda mu Lilongwe sizidziwa matope. Mukaima m'mbali mwa msewu wa ku Kanengo m'mawa, muona ma Hilux, ma Ranger ndi ma D-Max atavala matayala a mano akuluakulu ngati akupita kukakoka matabwa ku Chikangawa, chonsecho kumbuyo kuli thumba limodzi la makala ndipo ulendo ukathera pa ofesi. Yanga ndi imodzi mwa pikapu za m'tauni zoterezi. Ndimagulitsa simenti, malata ndi misomali, ndipo Hilux yanga yakale imangozungulira pakati pa shopu, nyumba, sukulu ya ana ndi tchalitchi. Monsemo ndi pa tala. Matayala ake atatha, mpaka timizere tija tosonyeza kuti mano atsala mamilimita 1.6 tayamba kulingana ndi mano enieniwo, funso loti ndigule ati linali la ndalama, inde, koma chimene chinandisowetsa tulo si ndalamazo.

Matayala a pikapu ali m'magulu atatu, ndipo kawirikawiri gulu lake limalembedwa m'mbali mwa tayala. Pali a H/T, opangidwira tala: mano awo ndi aang'ono, othithikana, okhala ndi ngalande zozungulira tayala lonse zothamangitsa madzi. Pali a M/T, a m'matope, a zibuma zikuluzikulu zotalikirana, aja amamveka kulira galimoto isanatulukire. Pakati pa awiriwa pali a A/T, amene opanga amati ndi oyenda paliponse. Anga akalewo anali a H/T, olembedwa 265/65 R17 112T. Kumeneko n'kunena kuti m'lifupi ndi mamilimita 265, rimu yake ndi ya mainchesi 17, tayala lililonse limanyamula makilogalamu 1,120 ndipo limapirira liwiro la makilomita 190 pa ola, liwiro limene galimoto yanga sidzalilawa.

Galimoto yonse ija, ya matani awiri, imagwira pansi ndi tizigamba tinayi ta labala, kalikonse kosasiyana kwenikweni ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Pa tala, chimene chimaimitsa galimoto ndi labala wokhudza msewu. M'matope zimatembenuka: pamafunika mipata ikuluikulu pakati pa mano, yoti matope alowe n'kutayidwa kunja tayala likamazungulira, apo ayi mano amadzaza, tayala n'kusanduka losalala. Tsono mpata uliwonse umene mwapatsa matope mwaulanda kwa tala. Komanso zibuma zitalizitali zimapindikapindika pogunda msewu, kupindikako kumatenthetsa tayala, ndipo kutenthako ndi dizilo amene munafolera pa mzere. Tayala la A/T silinathetse mkangano umenewu. Linangougawa pakati, n'kulandako pang'ono kuno ndi pang'ono uko.

Tayala loyamba lotchuka la mtundu umenewu linatulutsidwa ndi BFGoodrich ku America mu 1976, ndipo mbiri yake inakulira m'mipikisano ya galimoto m'chipululu cha Baja ku Mexico. Mpaka lero zithunzi zotsatsira matayala otere zimakhala za fumbi, miyala ndi mitsinje. Sindinaonepo chithunzi cha tayala la A/T litaima tsiku lonse pa filing'i siteshoni, pomwe kwathu kuno ndi ntchito imene limaigwira kwambiri.

Nditafika ku shopu ya matayala, mnyamata wogulitsa anagubuduzira limodzi kumapazi kwanga, la mano okwera mpaka m'khoma, la zilembo zoyera.

"Madala, galimoto ngati imeneyi siyenera matayala a paukwati. Ikani awa, mvula ikagwa mudzandithokoza."

Ndinamuuza kuti mvula ikamagwa ine ndimakhala pa tala.

"Ndiye kumudzi simupita?"

Kumudzi ndimapita. Kwathu ndi ku Dowa. Ukafika pa Mponela umasiya M1 n'kulowa msewu wafumbi, ndipo usanafike kwa mayi anga pali dambo la makande. M'chilimwe limakhala louma gwa, long'aluka, ngakhale galimoto yaing'ono imadutsa. Mu Januwale ndi Febuluwale limameza. Ndipo aliyense amene ali ndi pikapu amadziwa kuti buku la galimoto lili m'dzina lake koma galimotoyo si yake yekha. Foni imalira pakati pa usiku. Pakufunika kunyamula bokosi, nkhuni, matumba a ufa, amayi a Chigwirizano. Maliro sayang'ana nyengo, ndipo amachuluka m'miyezi yomweyi ya malungo ndi njala. Maulendo otere pa chaka ndi owerengeka, koma ndi amene munthu sangakane.

Funso langa linafika pamenepa: kodi munthu akonze moyo wake molingana ndi masiku ambirimbiri wamba, kapena molingana ndi masiku ochepa ovuta amene sakudziwa kuti adzafika liti?

Ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndalalikirapo mbali zonse ziwiri popanda kuona kuti zikukokana, chifukwa zinkagwa Masabata osiyana. Mu Mateyu 6 Yesu akuloza mbalame ndi maluwa, n'kuletsa ophunzira ake kudera nkhawa za mawa. Mu Eksodo 16 Aisraele amene anasunga mana kuti adye m'mawa mwake anapeza atagwa mphutsi. Mu Luka 12 munthu wolemera anaganiza zophwasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, n'kumwalira usiku womwewo. Munthu akawerenga zimenezi zokha, agula a H/T n'kusiya dambo m'manja mwa Mulungu. Koma Mateyu yemweyo, mutu 25, akuyamikira anamwali asanu amene ananyamula mafuta apadera, ndipo mu Genesis 41 Yosefe anasonkhanitsa limodzi mwa magawo asanu a zokolola za Igupto kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Akawerenga izi zokha, agula a mano aja, n'kuwonjezera chingwe ndi jeke yachiwiri.

Kusiyana kwake sikuli pa kuchuluka kwa zosungidwa, chifukwa Yosefe anasunga zambiri kuposa mwini nkhokwe uja. M'mene ndikuonera ine, kuli pa zinthu ziwiri. Anamwali aja ankadziwa kuti mkwati abwera ndithu, chosadziwika chinali ola lokha. Ndipo chakudya cha Yosefe chinali choti adye anthu ena. Wolemera uja ankakonzekera tsiku limene analipeka yekha, ndipo pa tsikulo panalibe wina aliyense koma iye mwini, atakhala pansi, akudya. Ndiye muyeso wake ungakhale uwu: tsiku limene ndikulikonzekeralo lidzafikadi? Nanga likadzafika, pali amene adzakhale akundidikira?

Pa muyeso umenewu dambo lija lapambana mosavuta. Mvula idzagwa, foni idzalira, ndipo mayi anga adzakhala tsidya linalo.

Koma muyeso wosavuta chotere umandikayikitsa, chifukwa mtima wa munthu sulephera kupeza udindo woti ubisemo chimene ukufuna kale. Matayala a zilembo zoyera aja ndinawakonda ndisanaganize za mayi anga. Amasintha maonekedwe a galimoto, ndipo amasintha m'mene mlonda wa pageti amakulonjerera. Amanena kuti mwini wake ndi munthu amene palibe chingamuimitse. Ndipo ndikafufuza chimene ndimaopa pa dambo paja, si kulephera kufika. Palibe amene anagonapo m'dambo limenelo. Galimoto ikatitimira anyamata amatulukira, ena ali ndi makasu, ena akuthyola nthambi zoika pansi pa matayala, wina akulamula ngati mwini galimoto: "Bwana, musaponde kwambiri, mukuikumbira manda!" Zikakanika pamabwera ng'ombe za pangolo. Chimene ndimaopa ndi kuvula nsapato, kupinda thalauzi, kuima m'matope ofika m'mawondo pamaso pa anthu amene amandidziwa ngati wa ku tauni, kenako n'kuthokoza. Anyamata okankhawo nthawi zambiri ndi adzukulu omwe akumba manda a maliro amene ndikupitako. Tsiku lina adzakumba anga, ndipo pa tsikulo sindidzawathandiza ngakhale kunyamula khasu. Kufuna kugula chinthu choti ndisadzawafunenso panjira kuli ndi kafungo kena, ndipo si ka Yosefe. Kuwonjezera apo, makande sasamala zilembo za pa tayala. Galimoto ya mano akuluakulu imangolowa patali isanatitimire, n'kuvuta kwambiri poitulutsa.

Mbali imene sindinaiganizire anaibweretsa ndi mayi a kunyumba, amene amayendetsa galimoto yomweyi potenga ana kusukulu.

"Bambo, inu mukuopa matope. Matope anapha ndani?"

Anakumbutsa za mvula yoyamba ya mu Novembala, pamene mafuta ndi fumbi za miyezi yonse ya chilimwe zimayandama pa tala, msewu n'kuterera. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki umawirikiza kanayi. Matayala ambiri a mano akuluakulu amachedwerapo kuima pa tala wonyowa poyerekeza ndi a H/T abwino, ndipo pikapu yopanda katundu imakhala yopepuka kumbuyo, sichedwa kutaya matako pokhota. Pa Lumbadzi tsiku la msika, mamita ochepa owonjezerawo mumakhala wakabaza atanyamula mayi ndi mwana kumsana.

Apa m'pamene nkhaniyi inandilemera. Ndinkaiona ngati kusinthanitsa kwa ine ndekha: ndilipire dizilo wochulukirapo ndi phokoso la tsiku ndi tsiku, ndigule mtendere wa pa dambo. Koma gawo lina la mtengowo akulipira munthu amene sanali nawo m'shopu muja, amene sindikumudziwa, amene adzangopezeka patsogolo pa bampala tsiku lina Lachiwiri masana. Mantha sawerengera bwino. Amasunga tsiku limene lili ndi nkhani, la matope, la ng'ombe, la anthu akuseka, limene timalifotokoza pa maliro ena onse otsatira. Tsiku limene ndinaponda mabuleki n'kuima bwinobwino mwana atadutsa lilibe nkhani, ndipo pofika madzulo ndaliiwala. Mwina n'chifukwa chake Yesu ananena kuti tsiku lililonse lili ndi mavuto ake okwanira. Kale ndinkawamva mawuwo ngati chitonthozo. Tsopano ndimawamvanso ngati chenjezo, loti lero lili ndi ngozi zake zenizeni zimene munthu wotanganidwa ndi mawa saziona.

Kunena chilungamo, tala wathu nayenso amaikira kumbuyo a A/T. Maenje ake ali ndi milomo yakuthwa yong'amba khoma la tayala, m'mbali mwake munadyeka, ndipo thiraki ikadzaza msewu umatsikira m'miyala usanafune. Tayala la khoma lolimba limapirira zimenezo, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kung'amba tayala limodzi si nkhani yoseka. Ambiri athawira ku matayala a kaunjika. Amene akutero ayang'ane manambala anayi omalizira pambuyo pa zilembo za DOT: 2419 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 24 m'chaka cha 2019. Labala amakalamba ngakhale mano akadali athunthu.

Ndinagula a A/T, koma osati amene anandigubuduzira mnyamata uja. Ndinasankha ofatsa, a mano othithikana, a saizi yomwe inabwera ndi galimoto, opanda zilembo za LT zimene zimasonyeza tayala lolemera la katundu wambiri. Matayala ena amabwera ndi kapepala kamene mayiko a ku Ulaya anakakamiza kuyambira 2012, kosonyeza kamwedwe ka mafuta, phokoso ndi kagwiridwe ka msewu wonyowa, ndipo ine ndinayang'ana chachitatuchi ndisanafunse mtengo. Zilembo zoyera ndinauza wokhoma kuti aziyang'anitse m'kati. Anandiyang'ana modabwa, koma anachita. Ndimadziona kuti ndili ndi ngongole kwa wakabaza wa pa Lumbadzi, ndipo njira yokha yobwezera ndi phazi langa lamanja: mvula ikagwa ndimatsitsa liwiro kuposa m'mene ndinkachitira kale, ngakhale akumbuyo aziimba hutala. Kuseri kwa mpando kuli khasu, chingwe ndi ndalama zapadera za anyamata a pa dambo, chifukwa ndikudziwa kuti ndidzawafunabe.

Mayi a kunyumba sanakhutire. Akuti ndinayenda ulendo wautali wa m'Baibulo kuti ndikafike pafupi ndi pomwe mtima unali kale. Iwo akadagula a H/T, ndipo ndalama yotsalayo, pamodzi ndi ya dizilo wowonjezera wa zaka zonse zimene matayalawa adzakhale, akadagulira miyala ndi mapaipi a simenti oika pa dambo paja. "Simenti mumagulitsa ndinu," anatero. "Matayala anuwo awolotsa galimoto imodzi. Nanga ambulansi? Nanga ngolo ya achimwene anu ikamapita ku chigayo?"

Ndinalibe choyankha. Ndawerengera kuti pangafunike mapaipi angati, ndipo mtengo wake waposa wa matayala onse anayi, kotero si ntchito ya munthu mmodzi. Ndalembera mlongo wanga amene ali ku Johannesburg ndi msuweni wathu wa ku Mzuzu, ndipo nkhaniyi ndikaitula kwa amfumu mvula ikatha, dambo likauma moti n'kukumbika.