Pa intavyu wodwala sakhalapo

Mkulu wa anamwino pa chipatala china ali m'gulu lofunsa anthu ofuna ntchito. Malo ndi amodzi, ofunsira ndi ambiri, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mwana wa mchemwali wake amene wakhala pakhomo zaka ziwiri chimalizireni sukulu. Kumudzi foni siikuleka kulira: "Amayi aang'ono, musamuiwale mwanayu." Kodi akamukondera alakwa? Pajatu chibale ndi fupa, sichiola.

Funsoli si lachilendo. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adalilingalira m'buku lake la Summa Theologiae pokamba za maudindo a mu Mpingo. Iye adati kupatsa munthu udindo chifukwa cha ubale, kusiya wina woyenera kuposa iye, ndi tsankho lochimwira chilungamo. Adavomera kuti mbale angasankhidwe ngati akufanana kuyenera ndi enawo, komabe adachenjeza kuti zimenezi zipewedwe ngati zingakhumudwitse anthu. Chifukwa chake n'chakuti wogawa udindo ndi kapitawo chabe. Chimene akugawacho si chake.

Kuchipatala mfundoyi imalemera kwambiri, popeza pali munthu wina amene saitanidwa ku intavyu. Ameneyu ndi mayi amene adzafike usiku akutaya magazi atabereka, kapena mwana wa malungo amene mankhwala ake ayenera kuyezedwa molingana ndi kulemera kwake. Iwo sadziwa kuti namwino adalowa bwanji ntchito, koma zotsatira zake zidzagwera pa thupi lawo.

Ndondomeko yabwino yolembera anthu ntchito imakhalapo kuti iyankhulire anthu amenewa. Zofunika pa ntchitoyo zimalembedwa makalata asanatsegulidwe. Ofunsira onse amafunsidwa mafunso ofanana, okhudza ntchito yeniyeniyo. Aliyense wa ofunsa amalemba malikisi ake payekha asanakambirane, kuti mawu a bwana asameze maganizo a ena. Mapepala amatsimikizidwa: namwino ndi mzamba akhale m'kaundula wa Nurses and Midwives Council of Malawi, dokotala akhale m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Kumene munthu adagwirako kale kumafunsidwanso. Izi n'zofunika m'zipatala za boma ndi za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM. Kalata ya kwa bambo mfumu ingachitire umboni khalidwe la munthu, koma siingalowe m'malo mwa luso.

Ena amati ndondomeko zotere n'zouma mtima, ndipo malikisi sangayeze chifundo. Pali choona pamenepa, chifukwa wolankhula bwino sakhala wosamala odwala nthawi zonse. Komabe mankhwala ake ndi kufunsa mafunso abwinopo, monga momwe munthu adachitira ndi wodwala wokwiya, osati kubwerera ku kudziwana. Kudziwana kukalamulira, mwana wamasiye wopanda womuyankhulira ndiye amayamba kugwa.

Nanga mkulu uja atani? Aulule ubalewo, atuluke m'gulu lofunsa, ena agamule. Mwanayo angamuthandize ndi thiransipoti, ndi mabuku, ndi kumulimbitsa mtima, pakuti zimenezi ndi zake. Malo a ntchito si ake. Kumudzi mwina amunena kuti ndi wodzikonda, ndipo mawuwo adzamupweteka. Koma tsiku lina wogona pa bedi m'chipatalamo angadzakhale mchemwali wake yemweyo, ndipo banja lonse lidzafuna namwino amene adasankhidwa chifukwa ntchito amaidziwa.