Ukaona Chosowa, Uuze Ndani?

Ku Kigamboni, tsidya lina la doko la Dar es Salaam, kuli kanalimata ka mutu wachikasu kamene kamayenda masana pa makungwa a mitengo ya pakhomo. Chitsegulireni mlatho wa Nyerere mu 2016, tchire la kumeneko likusanduka mapuloti, koma iko kamangosamukira pa mtengo wina. Palibe amene amakacheukira, ndipo kunyozekako n'kumene kumakabisa.

M'bale wake wa m'nkhalango ya Kimboza, ku Morogoro, alibe mwayi wotere. Wamphongo ndi wabuluu wowala ngati wapakidwa penti, ndipo amakhala pa mtengo wa mtundu umodzi, Pandanus. Asayansi anamutcha Lygodactylus williamsi mu 1952. Mbiri ya kukongola kwake itafika ku Ulaya kwa anthu oweta zokwawa m'mabokosi a galasi, ogula anabwera. Pakati pa 2004 ndi 2009 anagwidwa osachepera 15 pa 100 aliwonse, ogwirawo akugwetsa ndi mitengo yomwe. Pangano la CITES linaletsa malonda a ogwidwa kutchire mu 2016, ku Johannesburg.

Tonse tinakula ndi nthano ya amithenga awiri a Chauta: bilimankhwe ananyamula uthenga wa moyo n'kumayenda monyang'wa, buluzi anathamanga ndi uthenga wa imfa n'kuyamba kufika. Nkhani ya chinthu chosowa imayendanso motero. Ukangonena kuti "ndachiona pakuti", watuma onse awiri, ndipo wamalonda ndiye wa liwiro. Kodi ndiye kuli bwino kungotseka pakamwa?

Ndikanavomera, pakanapanda za ku Nsanje. Pa mapiri a Malawi Hills pali kabilimankhwe kochepa ngati chala, Rhampholeon chapmanorum, kamene kanalembedwa mu 1992. Adani ake si ogula ayi, koma nkhwangwa ndi khasu: chiyambire 1984, pafupifupi magawo 80 pa 100 a nkhalango yake atha. Ofufuza atakapezanso mu 2016, ena anali atayamba kale kuganiza kuti kanatheratu. Mlimi wotsegula munda pamenepo sadana nako. Ali ndi ana oti adye, ndipo n'kutheka kuti palibe anamuuzapo kuti kanthuko kwawo n'kokhako.

Ine ndikuona kuti mlandu wagona pa amene timathamangira kukamuuza. Timajambula chithunzi n'kuchiponya pa Facebook pamodzi ndi dzina la malo, anthu akutali n'kudziwa tsiku lomwelo, pamene nyakwawa ya mudzi wa m'munsi mwa phiri sinamve kanthu. Kunena zoona, nthawi zambiri chimatiyabwa n'choti atidziwe kuti tinaona ndife. Kuuza eni nthaka n'kochedwa: uyenera kukhala pamphasa, kufotokoza, kenaka kuyankha funso lovuta lakuti akasiya mitengoyo adzadya chiyani. Ogula a ku Kimboza funso limeneli analiyankha msanga, ndi ndalama m'manja.