Mpanda wa Wolemera ndi Munda wa Mmphawi

Pa 18 September 2018 bwalo lalikulu la milandu la ku South Africa linagamula kuti munthu wamkulu asamangidwenso cifukwa cobzala kapena kusuta camba pa malo obisika a iye yekha. Woweruza Raymond Zondo ndiye anawerenga cigamuloco. Ambiri anakondwa, pakuti kuyambira 1922 camba, cimene kumeneko acicha dagga, cinalowetsa anthu osawerengeka m'ndende, ndipo ocuruka mwa iwo anali akuda osauka.

Koma munthu wolingalira ayenera kufunsa: kodi malo obisikawo ali nawo ndani? Bwana wa ku Sandton ali ndi mpanda wautali ndi cipata cokhoma. Wapolisi afika pamenepo cipewa ciri m'manja. Kutsidya kwa mseu, ku Alexandra, kuli mnyamata wogona m'kanyumba ka malata pamodzi ndi abale ace asanu. Cotseka cace cipenya kunjira, ndipo bwalo lace ndi njira yomweyo. Oweruza sananene kuti kanyumbako si malo obisika, iai. Umphawi ndiwo unanena.

Nkhani ikula tikafika... koma ikula koposa kwa alimi a ku Mpondoland, m'cigawo ca Eastern Cape. Kumeneko mabanja alima camba m'zigwa kuyambira kale, ndipo ndalama zace ndizo zinagula ufa ndi kulipira ana sukulu pamene nchito za kumigodi zinacepa. Zaka zambiri apolisi anali kubwera ndi ndege kudzawaza mankhwala opha mbewu m'mindamo. Cigamulo ca 2018 sicinalole malonda, ndipo lamulo limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu 2024 linawakananso. Cotero wosuta wa m'tauni anamasulidwa, koma mai wa kumudzi amene anali kumlimira anatsala wopalamula.

Cilolezo colima camba ca mankhwala ciripo, koma cifuna mipanda yolimba, alonda, makamera ndi nyumba zoyesera mbewu. Wina adzati boma licita bwino kuumitsa cotere, popeza mankhwala a wodwala ayenera kukhala oyera, ndiponso camba cisokoneza mitu ya anyamata ena. Zonsezo nzoona. Komatu cenjezo limeneli likadakhala la cilungamo, boma likadasonkhanitsa alimi aja ndi kuwathandiza kukwaniritsa zofunikazo, monga maboma acitira ndi alimi a thonje kapena fodya. Kuika cipata cimene munthu wa ndalama yekha angathe kulowapo ndiko kusankha mwini phindu lamulo lisanayambe kugwira nchito.

Ndipo pali cina cowawa. Pamene olemera anayamba kudzilimira okha kuseri kwa mipanda, ogula a camba ca ku Mpondoland anacepa, mtengo unagwa. Mai uja tsopano alandira zocepa kuposa kale, koma akakomana ndi apolisi atasenza thumba lace, mlandu ngwomwewo.