Taqwa ndi chishango: chanu munachiyendera liti?



Pa 16 January 2003, chombo cha mumlengalenga cha ku America chotchedwa Columbia chinanyamuka ndi anthu asanu ndi awiri. Patangotha masekondi pafupifupi 82, chidutswa cha fomu chosakwana kilogalamu imodzi chinathothoka pa thanki ya mafuta n'kumenya phiko lakumanzere. Fomu basi. Ndani angaope zimenezo?

Komatu malo amene inamenyawo anali mbali ya chishango choteteza chombo ku moto. Chombo chikamabwerera n'kulowa mumpweya wa dziko lathu, kutentha kwake kumaposa madigiri 1,500. Chishango chikangobooka, zam'kati zimasungunuka.

Mainjiniya ena a NASA ataonera vidiyo ya kunyamukako anada nkhawa, ndipo anapempha kuti phikolo lijambulidwe chombocho chikadali kumwamba. Mabwana sanavomere. Fomu inali itathothokapo pa maulendo ena m'mbuyomu, chombo n'kubwerako bwinobwino, ndiye anangozolowera. Anthu aja anagwira ntchito masiku 16 osadziwa kuti phiko labooka. Pa 1 February mpweya wotentha unalowa pabowo paja, chombo chinaphwasuka chikudutsa pamwamba pa Texas, kutatsala mphindi 16 kuti chitere. Palibe anapulumuka.

Asilamu anzanga, liwu loti taqwa limachokera ku tsinde la Chiarabu lotanthauza kudziteteza. Taqwa ndiye chishango chathu pa ulendo wobwerera kwa Allah (Subhanahu wa Ta'ala), ndipo kawirikawiri sichisweka ndi chinthu chachikulu. Chimabooka ndi "fomu": Fajr yomwe yatidutsa chifukwa tinachezera pa TikTok, miseche ya pagulu la WhatsApp, kabetcha ka 500 kwacha pa mpira. Tsiku loyamba mtima umagunda. Kachikhumi, zii. Ndiye timati, "Si ndachitapo kale, chinandichitikira n'chiyani?" Maganizo omwe aja a mabwana aja! Kukhala chete kwa mtima si umboni woti imani ili bwino ayi.

Ife a m'munsi mwa Michesi kuno ku Phalombe tikudziwa kuti denga timaliyendera mu October, osati usiku madzi akudonthera pamphasa. Muhasaba, kudziwerengera wekha nthawi ikadalipo, ndi chimodzimodzi.

Tamvani zomwe anachita ataphunzirapo. Mu July 2005, chombo cha Discovery chitayandikira siteshoni ya mumlengalenga, wochitsogolera, Eileen Collins, anachitembenuza chagada kuti anthu a musiteshonimo achijambule kumimba. Zithunzi zinaonetsa tizidutswa tiwiri titatuluka pakati pa matayilosi a chishango. Stephen Robinson anatuluka panja n'kukatizula ndi dzanja, ndipo onse anabwerako amoyo.

Amene ali m'kati sangaone kumimba kwa chombo chake. Ifenso tili ndi malo amene maso athu safika: kudzikweza, mkwiyo, kupembedza kodzionetsera. Mpake kuti chipembedzo chathu chimalemekeza nasiha, malangizo ochokera pansi pa mtima. Koma m'bale akatiuza chilungamo, timatembenuka kuti aone bwino, kapena timangomubuloka? Nanunso olangiza, jambulani kuti mukonze, osati kuti mumwaze pa status.

Usiku uno tikaswali Isha, tiike foni pansi mphindi zisanu zokha, tidzifunse mafunso atatu:

1. Ndi tchimo liti lomwe lasiya kundipweteka?
2. Ndi Swala iti yomwe ndimaiswali mochedwa, kapena yasowa kale?
3. Ndi ndani amene ndamulola kundiuza zoona?

Mukapeza bowo musataye mtima. Khomo la tawba likadali lotsegula, koma ola lotera palibe amalidziwa. Kukonza n'komweku, mpweya ukadalipo.

Allah ationetse zilema zathu tisanakumane Naye, atipatse mphamvu zozikonza, ndiponso atiteteze ku Moto. Ameen.

Tumizirani mnzanu amene mumamufunira zabwino.