Kodi chidakwa chingathandize chidakwa chinzake?

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, m'midzi ya Mfumu Yaikulu Mavwere ku Mchinji mumalowa ndalama za mtedza, soya ndi fodya. Pakhomo pena ndalamazo zimagula malata ndi kulipira sukulu. Pakhomo pena zimathera ku kachasu mwezi usanathe, ndipo pofika Januwale ana amagona ndi njala. Bambo wa pakhomo lotere si kuti sadziwa kulakwa kwake. Wamva maulaliki, ankhoswe amukhazika pansi, iye mwini walumbira kangapo kuti wasiya. Koma Loweruka likafika, miyendo imamutengera komwe kuja.

M'tauni nkhani ndi yomweyi, kungoti malo a ndalama za mbewu amatenga ndi malipiro a pakutha pa mwezi. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma lamulo silichotsa ludzu lomwe lili mkati mwa munthu. Funso ndi lakuti: munthu amene malangizo a anthu osamwa amukanika, angathandizidwe ndi yani?

Yankho lina lidachokera ku Akron, m'dziko la America, mu 1935. Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, onse zidakwa, adapeza kuti akamakambirana za vuto lawo mosabisa, ankatha kukhala osamwa. Apa ndiye padayambira gulu la Alcoholics Anonymous. Sisitere Ignatia, wa pachipatala cha St Thomas mumzinda womwewo, adayamba kugoneka zidakwa ngati odwala mu 1939, nthawi imene ambiri ankati uchidakwa ndi khalidwe loipa basi.

Misonkhano ya gululi ndi yosavuta. Anthu amakhala pamodzi pafupifupi ola limodzi, aliyense n'kutchula dzina lake loyamba lokha. Wina amafotokoza mmene mowa udamuwonongera, wina mmene wapiririra sabata yathayi. Palibe ndalama yolowera, ndipo chofunika pa munthu ndi kufuna kusiya mowa. Salonjeza za moyo wonse, amangolimbana ndi tsiku la lero. Watsopano amasankha mnzake amene wakhala nthawi yaitali osamwa, woti azimufikira chilakolako chikakula.

Ena amakayika. Amati wakhungu sangatsogolere wakhungu mnzake, ndipo kutchula uchidakwa kuti matenda ndi kupatsa munthu pobisalira tchimo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, chifukwa mayi amene wamenyedwa ndi mwamuna woledzera sangatonthozedwe ndi mawu akuti mwamunayo akudwala. Komabe pa misonkhano imeneyi munthu sakhululukidwa mwachisawawa. Amafunsidwa kulemba mayina a onse amene adawalakwira ndi kukonza zomwe adawononga, pokhapokha ngati kutero kungawapweteke. Matenda amafotokoza chifukwa chimene kulumbira kokha sikukwanira, koma udindo wofunafuna chithandizo umatsala pa mwini wake. Mkhristu wozolowera Sakramenti la Kulapa sangaone zachilendo pamenepa.

Ndipo chidakwa chimene chasiya mowa si chakhungu. Chimadziwa mabodza onse amene mnzake anganene, chifukwa nachonso chidawanenapo. Chingathe kudzudzula popanda kunyoza, ndipo womverayo sangayankhe kuti inu simudziwa zimenezi. Mutu umodzi susenza denga. Pa Marko 2, munthu wofa ziwalo adafika kwa Yesu chifukwa anthu anayi adamunyamula, mpaka kusasula denga la nyumba.

Chovuta chachikulu ku malo ngati kwa Mavwere ndi manyazi. Pamudzi aliyense amadziwa mnzake, ndipo nkhani ya pamsonkhano ikhoza kufika pamjigo dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake chinsinsi ndiye msana wa gulu lotere: zomveka m'chipindamo zimatsala momwemo. Apa akhristu osamwa ali ndi mlandu wawo. Amene amaseka poona mnzake akulowa kumsonkhano wa zidakwa, akumubweza yekha ku botolo. Mphakati umene umayendera odwala malungo koma n'kumanena miseche za chidakwa, wasankha odwala oti uwakonde.

Wofuna chithandizo angayambe ndi bambo mfumu, akatekisiti kapena achipatala cha pafupi, n'kufunsa kumene anthu osiya mowa amakumana. A St John of God, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, amathandiza anthu amene agwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku ayambe waonana ndi dokotala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kunjenjemera ndi kukomoka, mwina imfa imene. Kumene kulibe gulu, anthu awiri ofuna kusiya ndi okwanira kuyamba, ndipo parishi ingawabwereke chipinda popanda kufunsa mayina awo.

Matt Talbot wa ku Dublin adayamba kumwa ali mnyamata, nasiya mu 1884 ali ndi zaka 28. Adakhala osamwa mpaka imfa yake mu 1925, ndipo Mpingo udamutcha Wolemekezeka mu 1975. Iyenso ankayenera kudzuka m'mawa uliwonse ndi kusankhanso. Bambo wa kwa Mavwere uja akagwa pambuyo pa miyezi itatu, anzake a pamsonkhano sadzamuthamangitsa. Adzamusungira mpando wake sabata yotsatira.