Kodi Kadi Yanga Yakwanira?

Mau a Mulungu: Aefeso 2:1-10, Yakobo 2:14-26



Tsiku lina m'nyengo ya dzinja tinapita azimai atatu kukaona agogo ena a m'dera lathu amene anadwala nthawi yaitali. Agogowa analowa Cigwirizano ine ndisanakwatiwe. Pakagwa maliro ndiwo anali oyamba kufika, mtolo wa nkhuni uli pamutu, ndipo ndiwo anali kuyambitsa nyimbo usiku wonse. Titatha kupemphera anandikodola kuti ndisendere pafupi, nandinong'oneza kuti: "Amai mtumiki, tsegulani Baibulo langalo, muli kadi yanga ya zopereka. Miyezi isanu sindinapereke. Kodi Ambuye adzandilandira ine?"

Ndinaitulutsa kadiyo. Inali yoda ndi kugwiragwira, ndipo dzanja limene linalemba m'mizere yambiri linali langa. Ndinagwidwa manyazi. Zaka zonsezi ndinali kulandira ndalama zao ndi kulemba bwinobwino, koma sindinakhalepo nao pansi ngakhale tsiku limodzi kuwauza kuti kadi ili ndi malire ake. Mai amene anatumikira Ambuye zaka zoposa zanga anafika pa mphasa ya imfa ali ndi mantha ngati munthu wa ngongole pa sitolo. Ndidziwa kuti sali okha. Ambiri a ife sitinena ndi pakamwa, koma mumtima timawerengera: maliro angati ndapitako, odwala angati ndayendera, misonkhano ingati sindinaphonye.

Maganizo otere sacokera kutali. Ine ndine mphunzitsi, ndipo colembera cofiira sicicoka m'cikwama canga. Ana anga a Giredi 12 ndimawauza tsiku lililonse kuti wolimbikira ndiye adzapambana mayeso, waulesi adzalira. Ku sukulu zimenezo ndi zoona. Ndi kumunda komwe ndi zoona: wosapalira sakolola. Vuto libwera pamene titenga lamulo la m'kalasi ndi kulowa nalo m'nyumba ya Mulungu, ndi kuyesa kuti Iye ali ndi buku la mamalikisi, ndipo wopitirira theka alowa.

Tsegulani Aefeso mutu 2. Paulo sayamba ndi kunena kuti tinali odwala kapena ofooka. Akuti tinali akufa m'macimo athu. Inu azimai mwasambitsapo mitembo, mudziwa kuti wakufa sathandizako kanthu, ngakhale kukweza mkono kuti mumuveke. Tsono pa ndime 8 ndi 9 Paulo atiuza kuti cimene catipulumutsa ndi cisomo, kuti tacilandira pokhulupirira, kuti ndi mphatso yocokera kwa Mulungu, ndi kuti nchito zathu zilibe gawo pamenepo, kuti pasapezeke wodzitama. Mphatso ukailipira yaleka kukhala mphatso. Mlendo akakubweretserani nkhuku inu n'kumasula pa nsonga ya citenje kuti mumpatse ndalama, mwamunyoza.

Kumbukirani wacifwamba uja amene anapacikidwa pambali pa Yesu (Luka 23). Manja ake anali okhomedwa, sakanatha kupereka kanthu kapena kuyendera wodwala. Analibe ngakhale tsiku limodzi lotsala loti akonze mbiri yake. Anavomera kulakwa kwake, napempha Yesu kuti amukumbukire, ndipo analonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo.

Nkhani imeneyi ndiyo muzu wa dzina lathu lakuti Eklesia wa Cikonzedwe. Martin Luther ku Germany anali munthu wodzipereka kwambiri pa kusala kudya, kupemphera ndi kuulula macimo, koma mtendere sanaupeze, kufikira pamene anamvetsa m'kalata ya Aroma kuti cilungamo cimene Mulungu afuna, Mulungu yemweyo ndiye acipereka mwa Kristu. M'caka ca 1517 anatsutsa poyera kugulitsa zikalata za cikhululukiro. Tsono ngati ife lero tilola mai wokalamba kuganiza kuti kadi ya zopereka itsegula khomo la kumwamba, tabwerera kumene makolo athu m'cikhulupiriro anacokako.

Ndidziwa funso limene lili kale m'mitima ya ena. "Ngati ndi tero, tivutikiranji? Tileke kupereka, tileke kugona pa maliro, popeza zonse Yesu anatha." Funsoli si latsopano. Paulo analiyankha m'Aroma 6, ndipo Katekisma wa Heidelberg, amene analembedwa m'caka ca 1563 ndipo Eklesia wathu amamuvomereza, alifunsa pa funso 64 ndi kuyankha kuti sikutheka munthu amene walumikizidwa kwa Kristu ndi cikhulupiriro coona akhale wosabala zipatso za kuyamika.

Katekismayu ali ndi cinthu cina cimene ambiri sitinacione pamene tinali m'kalasi ya ubatizo, cifukwa tinali kungoloweza kuti tipambane pamaso pa akulu a mpingo. Mafunso ake 129 agawidwa patatu: coyamba tsoka lathu, caciwiri cipulumutso cathu, cacitatu kuyamika kwathu. Kodi Malamulo Khumi afotokozedwa m'cigawo citi? Munthu angayembekeze kuti ali m'cigawo ca cipulumutso, ngati makwerero okwererapo. Iai. Ali m'cigawo cacitatu, ca kuyamika, pamodzi ndi Pemphero la Ambuye. Olemba anatsata dongosolo la Mulungu mwini. Aisrayeli sanapatsidwe malamulo ali ku Aigupto kuti akawasunga bwino atulutsidwe. Anayamba atulutsidwa, naoloka nyanja, ndipo pambuyo pake pa phiri la Sinai ndi pamene anauzidwa m'mene anthu omasulidwa ayenera kukhalira.

Paulo nayenso sanalekere pa ndime 9. Ndime 10 itiuza kuti Mulungu anatiumba mwatsopano mwa Kristu ndi colinga cakuti ticite zabwino, ndipo zabwinozo anatikonzeratu kale. Anthu ambiri aloweza ndime 8 ndi 9, ndime 10 aisiya. Kumeneko ndi kuphika ndiwo n'kuiwala nsima.

M'munda umodzi mungapezeke anthu awiri akupalira, waganyu ndi mwana wa pakhomo. Mukawaona muli pa msewu simungawasiyanitse, onse awerama, onse atuluka thukuta. Koma waganyu awerenga mizere, maso ali pa malipiro a madzulo, ndipo mwini munda akapotoloka amakwirira udzu m'malo mozula. Mwana apalira cifukwa munda ndi wa atate wake. Akadwala n'kulephera kupita kumunda sabata yonse, sathamangitsidwa pakhomo, mbale yake ya nsima ikhalapobe. Agogo aja anali mwana wa pakhomo, koma anadziyesa waganyu amene wajomba.

Tsono tibwere kwa Yakobo, amene sasekerera. Iye alembera anthu a mtundu wina, amene pakamwa pali podzaza ndi cikhulupiriro koma manja ali opinda. Apereka citsanzo ca mbale kapena mlongo wosowa covala ndi cakudya, amene timutsanzika ndi mau okoma osampatsa kanthu. Akuti cikhulupiriro cotere ndi cakufa. Afika ponena kuti ngakhale ziwanda zidziwa kuti Mulungu ndi mmodzi, ndipo zinjenjemera. Kudziwa ziphunzitso zoona sikusiyanitsa munthu ndi ciwanda.

Pano ndilankhule monga mai kwa azimai anzanga. M'nyumba zambiri za ife muli ana amasiye a abale athu amene anatisiya. Ku sukulu ndimawadziwa anawa ndisanauzidwe. Ndi amene afika mocedwa cifukwa anayamba atunga madzi ndi kutsuka mbale za nyumba yonse, ana a mwini nyumba akali m'tulo. Ndi amene aodzera m'kalasi. Ndipo nthawi zina ndikaitana womulera, amene afika ndi mai amene ndimakhala naye pa benci imodzi, wovala yunifolomu yocapa bwino, wa liu lokoma pa nyimbo. Mai wotere kadi yake ingakhale yodzaza kuyambira Januwale kufikira Disembala, koma Yakobo 1:27 imufunsa za mwana uja. Sindinena izi kuti tilozane zala pa msonkhano. Inenso ndinalerapo mwana wa mlamu wanga, ndipo ndidziwa masiku amene ndinagawa nyama mokondera.

Ena amati Paulo ndi Yakobo atsutsana, popeza onse awiri atenga Abrahamu kukhala mboni yao. Yang'anani bwino pamene aliyense aloza. Paulo m'Aroma 4 aloza Genesis 15, usiku umene Abrahamu wopanda mwana anaonetsedwa nyenyezi, nakhulupirira lonjezo, Mulungu namuyesa wolungama. Yakobo aonjezapo Genesis 22, pamene Abrahamu anakwera phiri kukapereka Isake. Pakati pa mitu iwiriyi papita zaka zambiri. Pa mutu 15 ngakhale Ismayeli anali asanabadwe. Iye anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86, Isake anabadwa ali ndi zaka 100, ndipo pokwera phiri Isake anali wamkulu ndithu wotha kusenza nkhuni. Abrahamu sanakwere phiri kuti Mulungu amulandire. Anali wolandiridwa kale. Phirilo linaonetsa poyera kuti cikhulupiriro ca usiku uja cinali camoyo.

Cina cimene cimandikhudza cili m'Mateyu 25. Amene ali ku dzanja lamanja, atauzidwa kuti anadyetsa Ambuye, kuwaveka ndi kuwayendera, adabwa, afunsa kuti zinacitika liti. Sanali kulemba m'buku. Dorika wa ku Yopa (Macitidwe 9) sanaonetse yekha malaya amene anasoka, anaonetsa ndi akazi amasiye akulira.

Musamve ngati ndanena kuti kadi itayidwe. Mpingo uyenera kudziwa ndalama zimene zalowa, abusa ayenera kudya, denga likadontha lifuna malata. Ine ndidzapitiriza kulemba, ndipo amene muli ndi mphamvu musadikire kukumbutsidwa. Koma ife atumiki ndi atsogoleri a Cigwirizano tisamale malankhulidwe athu. Tikamaopseza azimai kuti "mudzaona pa maliro anu", tikamafunsa kadi tisanafunse m'mene wodwala wagonera, tikulalikira uthenga wina umene suli m'Buku Lopatulika, ndipo okalamba ndi osauka ndiwo aukhulupirira msanga.

Tsiku lija ndinaika kadi pambali, ndi kuwerengera agogo Aefeso 2 pang'onopang'ono. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, pa mtanda paja Yesu analipira miyezi ingati?" Anakhala cete kanthawi, kenaka anaseka, nati, "Aa, mwana wanga, analipira yonse." Tinaimba nyimbo imodzi, iwo akutsatira ndi milomo cabe.

Anakhala masabata atatu ena. Mdzukulu wao amene anali kuwasamala anatiuza pa maliro kuti za kadi sanazikambenso. Cimene anali kumuvutitsa naco masiku otsiriza ndi thumba la nshawa limene linali kuseri kwa citseko. Anati aligawe pawiri, theka apereke kwa mai wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo amene mbeu yake inadyedwa ndi makoswe, cifukwa mvula inali itayamba kale ndipo akacedwa sadzabzala.