LONJEZO LA MWEZI UMODZI

Mwana akali pa sukulu sasowa womuuza cocita. Belu limdzutsa m'mamawa, belu limlowetsa m'kalasi, ndipo belu lomwelo limtulutsa. Mphunzitsi akanena kuti cimangirizo cifike Lacisanu, cifikadi, ngakhale mwanayo acilembe usiku pa kuwala kwa koloboi. Koma tsiku limene atsazika sukulu, nasenza katundu wace kubwerera kumudzi, belu lija litsala komweko. Kuyambira pamenepo palibenso womuwerengera masiku. Ambiri a inu owerenga mwafika kale pa tsiku limenelo, ndipo mudziwa cimene ndiri kunena. Kwathu kuno ku Vubwi ndaona anyamata ndi atsikana amene anacoka pa sukulu ndi zolinga zokoma: wina anati adzalemba buku, wina anati adzathandiza odwala a m'mudzi mwao. Cimanga calowa m'nkhokwe kawiri, koma buku likali m'mutu, ndipo odwala akali kudikira.

Anthu a maiko ena anapeza njira yodziikira belu lao lao. Munthu asankha nchito imodzi yobvuta, naipimira masiku 30, nauza anzace poyera kuti adzaitsiriza mwezi usanathe. Palibe mfumu imene yamlamula, palibenso bwana amene adzamlipira. Tsono funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi ndi ili: kodi kudzimanga kotere ndi nzeru, kapena ndi masewera cabe a anthu okhuta? Ndipo munthu akaphwanya lonjezo limene analonjeza kwa iye mwini, kodi walakwira yani?

Tiyambe taona zitsanzo ziwiri. M'caka ca 1999, ku San Francisco m'dziko la America, munthu wina dzina lace Chris Baty anapangana ndi anzace, onse pamodzi anthu 21, kuti yense alembe buku la nkhani yopeka la mau 50,000 m'mwezi wa Julaye. Caka cotsatira anasamutsira panganolo ku Novembala, mwezi wa nyengo yoipa kwao, pamene anthu sakonda kutuluka m'nyumba. Mwambowo unachedwa NaNoWriMo, ndipo unafalikira pa dziko lonse ndi thandizo la intaneti. Mukagawa mau 50,000 ndi masiku 30 mupeza 1,667 pa tsiku. Ngati tsamba la kope lanu litenga mau 200, ndiye kuti masamba 8 ndi kacidutswa tsiku liri lonse, ndi Lamulungu lomwe. Bungwe limene linali kuyendetsa zimenezi linatsekedwa m'caka ca 2025, koma pangano lotere silifuna bungwe. Lifuna munthu, pepala ndi colembera.

Citsanzo caciwiri ndi ca ulendo wa cifundo. M'mwezi wa Epulo 1920 ku England kunabadwa mwana amene anadzachuka patapita zaka 100. Ameneyu ndi Captain Tom Moore. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid uli pakati, nkhalambayi, imene inali kuyenda motsamira zitsulo, inalonjeza kuyenda utali wa bwalo la pakhomo pace nthawi 100 tsiku lace lobadwa lisanafike, kuti anthu aperekepo ndalama zothandiza anchito a m'zipatala. Inayembekeza £1,000, koma pofika pa 30 Epulo ndalama zinapitirira £32 miliyoni. Kuno ku Zambia ndi ku Malawi nakonso mipingo ndi masukulu amakonza maulendo apansi osonkhetsa ndalama zomangira chalichi kapena kalasi, kotero kuti cinthuci sicacilendo kwa ife.

Nditafotokoza zimenezi kwa amalume anga, munthu amene walima zaka zambiri osaliona tsamba la buku, anaseka nagwedeza mutu. Anati, "Iwe mphwanga, umenewo ndi moto wa mapesi. Ubuka ndi phokoso, koma sunapsereze ndi mbatata yomwe. Munda sulimidwa mwezi umodzi. Ndipo za kuyendazo, tandiuza: amai ako ayenda kumjigo m'mawa ndi madzulo ciyambire utsikana wao, ndowa iri pamutu. Anawaombera m'manja ndani? Anawapatsa ndalama ndani?" Ndinasowa coyankha tsiku limenelo, ndipo ndaganiza za mau ao nthawi yaitali, cifukwa muli coonadi m'menemo cimene sitiyenera kucilambalala.

Titenge coyamba, ca moto wa mapesi. Nzoona kuti buku lolembedwa m'masiku 30 silikhala buku lokoma. Likhala ngati nyumba imene aimika mitengo ndi kuphoma, koma osazira, osafolera. Komatu tiyerekeze bwino. Tisayerekeze buku lothamangira ndi buku labwino; tiliyerekeze ndi buku limene silinalembedwe konse, pakuti ndilo limene ambiri a ife tiri nalo. Nyumba yosazira ikhoza kuziridwa, koma nyumba ya m'maloto palibe amene anagonamo. Cimene ciletsa munthu kulemba kawirikawiri si kusowa nzeru iai, koma mantha akuti cimene alembe cidzakhala coipa. Malire a masiku amlanda munthu nthawi yoopera. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma ku Malawi, analemba buku lace Nthondo cifukwa ca mpikisano umene unalengezedwa ndi bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa. Bukulo linalandira mphotho nilisindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo mu 1934 Cullen Young analitembenuzira m'Cingerezi. Nkhani zinalimo kale m'mutu mwa mphunzitsiyo; mpikisano unangoliza belu.

Ndipo mwezi si muyeso wopanda tanthauzo. Makolo athu anali kuwerenga masiku poyang'ana mwezi kumwamba, kuyambira pamene waoneka ngati cikhadabo kufikira utafa. Ndi nthawi yotalika kokwanira kuti munthu atope, koma yofupika kokwanira kuti aone gombe la tsidya asanalowe m'madzi. Asilamu asala cakudya usana mwezi wathunthu wa Ramadan, ndipo Akristu ambiri adziletsa masiku 40 Pasaka asanafike. Anthu anazindikira kalekale kuti mtima wa munthu sungathe kulonjeza za moyo wonse tsiku liri lonse, koma ukhoza kupirira cinthu cimene mapeto ace aoneka.

Koma amalume sanalakwe ponena za munda. Ine ndinayesa panganoli caka cina, ndipo ndinatsanza a ku America posankha Novembala. Masiku 11 ndinalemba mokondwa. Tsiku la 12 mvula yoyamba inagwa, mudzi wonse unatuluka kukabzala, ndipo ine ndinabwera madzulo msana uli kuwawa, maso ali kulemera. Kope lija ndinalitsekulanso nsawawa zitakhwima. Ndinaphunzira kuti wotengera mwambo kwa alendo atengenso cifukwa cace. Iwo anasankha mwezi umene kwao manja ali cabe. Ife manja athu akhala cabe titakolola, mu Julaye kapena Ogasiti. Mnyamata amene akhala m'nyumba ndi colembera pamene amace ali kupalira okha, ameneyo sali kudzilanga, ali kuba thukuta la wina. Lonjezo limene mtengo wace aulipira ndi anthu ena si lonjezo labwino.

Tsopano tifike pa funso la amalume lobvuta koposa, la amai a kumjigo. Cifukwa ninji munthu woyenda mwa kufuna kwace alandira ulemu ndi ndalama, pamene woyenda mokakamizidwa ndi umphawi palibe womuyang'ana? M'midzi yathu ya m'malire a Malawi ndi Mozambique kuyenda si masewera. Ana ayenda kupita ku sukulu, amai apakati ayenda kupita ku kiliniki, odwala anyamulidwa pa njinga kapena pa ngolo. Woyenda ulendo wa cifundo abwereka masiku owerengeka kutopa kumene anzace akhala nako moyo wao wonse, ndipo akafuna angathe kukubweza. Cifukwa cace ndiganiza kuti ulendo wotere uli ndi muyeso umodzi wokha woyenera: kodi wafupikitsa ulendo wa munthu wina? Ngati matuza a kumapazi kwanga asanduka mjigo pafupi ndi mudzi, kapena denga la kalasi, kapena njinga yonyamulira odwala, ndiye kuti ndayenda bwino. Koma ngati asanduka cithunzi canga cokha pa Facebook, ndiye kuti ndaseweretsa masautso a anzanga. Zoonadi, ciwonetsero ciri ndi nchito yace, pakuti anthu amatsekula thumba msanga akaona mnzao ali kubvutika ndi maso ao. Koma ng'oma iitanira anthu ku dima, ng'omayo siilima.

Pali Mmalawi wina amene moyo wace ulumikiza zinthu zathu ziwirizi, kuyenda ndi kulemba. Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto kwa Nyasaland amene anaphunzira ku Livingstonia, ananyamuka pansi mu Okutobala 1958, wopanda nsapato, atatenga Baibulo, buku la John Bunyan, kankhwangwa, bulangeti ndi kamba wa masiku ocepa, cifukwa anafuna maphunziro ku America. Anayenda nagwira ganyu m'njira, nafika ku Kampala, kumene anapeza dzina la Skagit Valley College m'nyumba ya mabuku nalembera kalata. Anapitirira kufikira ku Khartoum, ndipo anthu a ku America komweko anasonkha ndalama za ndege, nafika iye kumapeto kwa 1960. Pambuyo pace analemba mbiri ya ulendowo m'buku lochedwa I Will Try, la 1965, ndi mabuku ena a nkhani zopeka, monga The Looming Shadow ndi Jingala. Ulendo wace sunali wa mwezi umodzi, unali wa zaka ziwiri. Koma zaka ziwiri palibe anaziyenda nthawi imodzi. Paja akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Phindu la lonjezo la mwezi umodzi ndi lakuti liphunzitsa miyendo kudumpha kumeneko, kuti ulendo wautali ukadzafika usatipeze osazolowera.

Nanga wophwanya lonjezo lace walakwira yani? Ena ati sanalakwire munthu, popeza wokongoza ndi wokongola ndi mmodzi yemweyo. Ine sindibvomereza. Munthu akanena kuti "ndidzacita," nasiya popanda cifukwa, mtima wace umva, ndipo usunga. Akabwereza kawiri katatu, mtimawo uleka kumkhulupirira, ndipo tsiku limene adzafunadi kucita cinthu cacikulu adzapeza kuti mau ace alibe kulemera ngakhale m'makutu mwace momwe. Mboni yoyamba ya kukhulupirika kwa munthu ndi mwini wace. Ndipo ngati anthu aperekapo ndalama zao, lonjezolo laleka kukhala lako wekha. Lasanduka ngongole, ndipo khobidi liri lonse liyenera kufika kumene unanena, nuwerengedwe poyera.

Komabe kulephera ndi kuthawa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Terry Fox, mnyamata wa ku Canada amene anadulidwa mwendo cifukwa ca matenda a khansa, anayamba pa 12 Epulo 1980 kuthamanga ndi mwendo wopanga, nafuna kudutsa dziko lace lonse kuti apeze ndalama zofufuzira mankhwala a matendawo. Atatha masiku 143 ndi makilomita 5,373 nthenda inafika m'mapapo, ndipo anaima. Anamwalira mu Juni 1981 osafika kumene analinga. Kodi tinene kuti anaphwanya lonjezo? Iai. Anapereka zonse zimene anali nazo, ndipo kufikira lero anthu a m'maiko ambiri amathamanga caka ndi caka m'dzina lace, nasonkha ndalama za nchito yomweyo. Woimitsidwa ndi nthenda, maliro kapena mvula alibe mlandu. Wa mlandu ndi iye amene aimitsidwa ndi mphasa yofunda, nanamizira mvula.

Tsono, anzanga otsiriza sukulu, langizo langa ndi ili. Dziikireni belu, koma mulipime ndi msinkhu wanu. Simufunika mau 50,000. Tsamba limodzi pa tsiku likupatsani masamba 30 pa mwezi, ndipo m'Cinyanja cathu masamba 30 ndi cuma, pakuti mabuku athu ndi ocepa. Khalani pansi ndi agogo anu, mulembe za mzera wa banja lanu, za m'mene mudzi wanu unafikira pamene uli, za maulendo apansi a amuna amene anapita kukagwira nchito ku Salisbury ndi ku Joni, za ulendo wa ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Nkhalambazo sizidzadikira kuti mukhale akatswiri. Mukafuna kuyenda ulendo wa cifundo, yambani mwafunsa anyakwawa ndi amai a m'mudzi cimene cisowa, musankhe msungicuma wina wosakhala inu, ndipo munene poyera mtengo wa cinthuco. Sankhani mwezi umene munda sudzalira. Uzani munthu mmodzi wosakunyengererani, kuti azikufunsani madzulo ali onse. Mukaphonya tsiku, musalipire ndi bodza. Lembani kuti mwaphonya, ndipo m'mawa mwace mupitirize.

Amalume anga ndidzawayankha pa tsiku la 31, cifukwa ndilo tsiku loweruza mlanduwu. Tsiku limenelo palibe woombera m'manja, palibenso cowerengera. Ngati kuca m'mawa dzanja lifuna colembera lokha, ndipo mai wina atunga madzi pafupi ndi khomo lace, ndidzawauza kuti mapesi aja anayatsa cikuni. Ngati sikutero, ndidzatenga khasu ndi kuwatsata kumunda, ndipo ndidzabvomera kuti ananena zoona.